Tsiku Limene Anandiletsa Kugwedeza Mwana

Mwana wanga womaliza anadwala m'nyengo yodula mpunga, mwera utangoyamba kuomba. Anali atangopitirira chaka pang'ono, akuyenda chogwira makoma, bere asanasiye. Kwathu kuno, kumunsi kwa Benga, nyengo imeneyo aliyense amatsokomola. Fumbi la mpunga limalowa m'mphuno, m'mawa kumazizira, ndipo nyumba imene simukumveka chifuwa ndiye kuti eni ake achokapo. Choncho iye atayamba mamina ndi kutsokomola sindinade nkhawa. Ndinali nditalera kale ana anayi, onse anadutsa m'zimfine zawo n'kuchira. Ndinkangomuveka juzi, kumubereka, n'kupita naye kudambo.

Chimene chinandisokoneza mtima ndinachimva ndi msana. Mayi aliyense amadziwa kuti mwana akagona kumbuyo, kamimba kake kamakankha msana wako pang'onopang'ono, ndipo umazolowera mpaka kuiwala. Koma tsiku lina nditawerama kudula mpunga ndinamva kuti kukankhako kwasintha. Kunali kofulumira, kwakufupikufupi, ngati mwana wathamanga pomwe wangogona. Ndinaima, zenga lili m'manja, n'kumvetsera. Thupi lake linkatenthanso, kutenthako kumachita kudutsa nsalu ndi bulauzi yomwe.

Bambo a ana anga anali pafupi, akumanga mitolo. Nditawauza anamugwira pamutu n'kunena kuti ndi dzuwa chabe. Apongozi anga, amene timakhala nawo bwalo limodzi chimwalirireni amuna awo, anamutsegula kukamwa ndi chala n'kunena kuti mano a m'mbali akubwera, ana awo onse ankatentha thupi pomera mano. Sindinawatsutse. Koma kutacha ndinasamba, n'kutenga kabuku ka kusikelo, ulendo wa kuchipatala chathu chaching'ono.

Anthu anali atadzaza pakhonde mpaka pansi pa mtengo wa mango. Amene ankaona odwala anali bambo wachikulire ndithu, wadazi, wa mawu a chakumpoto, amene tonse timangowatchula kuti adokotala. Ana anga akuluakulu onse anadutsa m'manja mwawo. Kale akafuna kudziwa ngati mwana akupuma bwino ankamukweza malaya, diso limodzi pamimba ya mwana, lina pa wotchi ya pakhoma, milomo ikuwerenga. Koma wangayu atangoona chovala choyera anakumbuka katemera. Anakuwa, anadziwongola ngati nsomba yongovuulidwa kumene, anagwira kolala yanga ndi manja onse. Adokotala anayesa kumukweza malaya, anayesa kumupatsa cholembera kuti asewere nacho, iye anachitaya pansi.

"Mayi, mwanayu mawu ali nawo," anatero akutola cholembera chija. "Ameneyu adzakhala woitanira anthu m'minibasi."

"Ayi adokotala, ameneyu adzakhala nesi. Adzakubwezerani majekeseni onse amene mwamubaya."

Anaseka, n'kunena kuti mwana akamalira chonchi kuwerenga kapumidwe ndi maso n'kutaya nthawi, chifukwa mimba imangodumpha ndi kulirako. Anatsegula kabati n'kutulutsa kachipangizo kamene ndinali ndisanakaonepo. Kanali ngati chopanira zovala pachingwe koma konenepa, kokhala ndi kanthambo kopita ku kabokosi konga foni. Anati kabwera kumene, ndipo kakuwathandiza kwambiri masiku a anthu ambiri. Anakapana pachala chachikulu cha kuphazi kwa mwana, chalacho n'kufiira mkati ngati khala lamoto. Ndinadzidzimuka, ndinkaganiza kuti kamutentha. Iwo anati ayi, kumeneko n'kuwala chabe.

Anandifotokozera mwachidule, ndipo ndilemba mmene ndinamvera ineyo. Kuwalako kumadutsa m'chala n'kumaona magazi. Mtima ukagunda, magazi amafika m'chalamo ngati kafunde kakang'ono. Koma munthu akamakoka mpweya n'kuutulutsa, timafunde tija timakwera n'kutsika tonse pamodzi, monga mmene bwato limakwerera funde lalikulu uku tating'ono tikumenya m'mbali mwake. Kachipangizoko kamawerenga tating'onoto n'kunena kugunda kwa mtima, kamawerenganso aakuluwo n'kunena kuti munthu akupuma kangati pa mphindi. Nambala yachitatu, imene inali pamwamba, inali ya mpweya umene uli m'magazi.

"Chachikulu mumutontholetse," anatero. "Akangokhala chete, basi."

Kutontholetsa mwana palibe mayi amene anachita kuphunzitsidwa. Ndinamukhazika pamiyendo, mutu wake pachifuwa panga, mapazi akulendewera, n'kuyamba kumugwedeza. Ndinkapita kutsogolo n'kubwerera, kutsogolo n'kubwerera, uku ndikunong'ona duwa, pemphero lathu la Chisilamu. Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma kumadrasa ndinapita mpaka kutha msinkhu, ndipo kumeneko tonse tinkaloweza tikugwedezeka pamkeka, mwalimu akugogoda pansi ndi kamtengo. Mpaka lero pakamwa panga pakangoyamba kutchula dzina la Mulungu, thupi limayamba lokha, mofatsa, mofanana, losafulumira losachedwa. Ana anga onse anagonera pa kugwedezeka kumeneko. Uyunso sanachedwe. Kulira kunasanduka kusisima, kusisimako n'kutha.

Adokotala anali maso pa kabokosi. Manambala anaphethiraphethira, kenako anakhazikika. Anati mpweya m'magazi uli bwino ndithu, mtima ukuthamanga chifukwa cha kutentha thupi, ndipo kapumidwe kali pa makumi atatu, pamene mwana wa msinkhu wake amadetsa nkhawa akafika makumi anayi. Anasuzumira pachifuwa chake osamudzutsa, anati nthiti sizikulowa mkati. Anamubaya pachala kuyeza malungo, sanapezeke. Anandipatsa mankhwala oziziritsa thupi n'kundiuza kuti ndi chimfine, ndizimuyamwitsa pafupipafupi, koma akakana bere kapena ndikaona nthiti zikulowa mkati ndibwerenso msanga.

Ndinatuluka mtima uli mbee. Njira yonse ndinkathokoza Mulungu, ndinkathokozanso amene anapanga kachipangizo koona mkati mwa chala cha mwana wa munthu wosauka ngati ine. Nditafika, bambo a ana anga anandifunsa zimene adokotala anena, ndipo nditafotokoza za kuwala kofiira kuja anachita nako chidwi kuposa mwana. Anandifunsa ngati kamayendera mabatire, ngati kangayezenso munthu wamkulu. Pomaliza anati, si ndinanena ine. Apongozi anati makinawo akanakhala ndi pakamwa akanatchula mano.

Masana ndinabwerera kudambo. Nditangowerama ndinamvanso kukankha kuja pamsana, kofulumira ngati dzulo lake, mwina kuposa. Ndinayesa kuwerenga ndekha koma ndinalibe wotchi, ndipo ndinkasokonezeka ndi kupuma kwanga komwe. Ndinadzifunsa kuti ine ndine ndani kuti nditsutsane ndi chinthu chimene chaona magazi a mwana. Msana ulibe maso. Mwina ndi mantha anga amene akuthamanga, osati mwana. Ndinadula mpunga mpaka dzuwa kupendeka, koma mitolo yanga inali yochepa, ndipo bambo a ana anaona.

Usiku umenewo sindinagone, koma za usikuwo ndilibe zambiri zonena. Zimene sindiiwala ndi za m'mawa. Nditamaliza swala, pemphero la m'bandakucha, ndinamutenga kuti ayamwe. Anagwira bere, anakoka kawiri, n'kulisiya kuti apume. Anagwiranso, n'kusiyanso. Kenako anangotembenuza mutu. Mwana amene ankandivula bulauzi pamaso pa alendo, lero bere lili pakamwa akulikana. Mphuno zake zinkatseguka n'kutsekeka, ndipo popuma ankatulutsa kamawu kakang'ono ngati akunyamula katundu.

Ndinawauza bambo a ana kuti ndikubwerera kuchipatala. Iwo anali atanyamula kale matumba ndi lona lopunthirapo. Anati mpunga wodula uli pansi, kumwamba kukuoneka mitambo, ukanyowa ndiye kuti chaka chonse tagwirira pachabe. Si anthu ouma mtima, ayi. Ankaopa njala ya ana asanu, ine ndikuopa imfa ya mmodzi.

"Dzulo lomweli makina anena kuti ali bwino," anatero. "Mukufuna mukawauze chiyani adokotala, kuti makina awo ndi abodza? Mankhwala mwamupatsa kawiri kokha. Dikirani agwire ntchito."

"Anati akakana bere ndibwere."

"Mwana wa chimfine amakana bere, mphuno zatseka. Mwayamba lero kulera?"

Apongozi anali atakhala pakhonde pawo akutsuka mano ndi mswaki. Anandikodola kuti ndibwere naye. Anamugoneka pamiyendo pawo, anamuvula juzi, n'kuyang'ana kwa kanthawi. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Pansi pa nthiti za mwana pankalowa mkati akamakoka mpweya, pankachita kadzenje koti mungaikemo chala.

"Awa si mano," anatero motsitsa. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, kaitane wa kabaza. Zenga la mkazi wako ndipatse ine."

Bambo a ana anati amayi, msana wanu uja. Iwo anayankha kuti msana wawo unamubereka iyeyo ali chimwana chonenepa ngati thumba la chinangwa, sungalephere mpunga wa tsiku limodzi. Mulungu awasunge apongozi anga. Timakangana pa za mchere ndi za nkhuku, koma tsiku limenelo anandiimira ngati mayi wondibala.

Kuchipatala mzere unali wautali kuposa dzulo lake. Ndinaima kumapeto, koma mayi wina atasuzumira m'nsalu mwanga anauza anzake kuti andisiye ndidutse. Wina anadandaula kuti aliyense pano wabwera ndi wodwala, koma anasuntha mwendo ndithu. Adokotala atandiona anandizindikira. Sanachite nthabwala. Anatenga kachipangizo kaja n'kukapana pachala chomwe chija, ndipo ine, osauzidwa ndi munthu, ndinamukhazika pamiyendo n'kuyamba kugwedezeka ndi duwa yanga, ngakhale kuti mwanayo sankalira n'komwe.

Anayang'ana kabokosi, anayang'ana mwana, anayang'ananso kabokosi. Anati nambala ya mpweya m'magazi yatsika, koma ya kapumidwe ikunenabe makumi atatu ngati dzulo, ndipo zimenezo sizikugwirizana ndi zimene maso awo akuona. Anakachotsa, anakapukuta, anakapananso. Chimodzimodzi. Kenako anasiya kuyang'ana mwana n'kuyamba kuyang'ana ine. Maso awo ankatsatira mapewa anga, kupita n'kubwera, kenako wotchi ya pakhoma, milomo ikuwerenga. Ndinachita manyazi, ndinakoka mpango kuphimba pachifuwa.

"Mayi, taimani."

Sindinamve chimene akutanthauza. Ndinafuna kuimirira.

"Ayi, khalani pomwepo. Musagwedezeke. Ngakhale pang'ono."

Ndinauma ngati chitsa. Iwo anagwira phazi la mwana m'dzanja lawo kuti lisalendewere. Dzulo lake mwanayo akanakuwa mpaka kumveka pamsewu, koma tsopano analibe mphamvu yolirira, anangogona maso ali pakatikati. Nambala ija inazimiririka, pakabokosi panangotsala timizere. Itabweranso inali ina. Inakwera, inakweranso, mpaka kupitirira makumi asanu. Adokotala anakweza malaya a mwana n'kuwerenga okha ndi wotchi ngati kale, ndipo zimene anapeza zinafanana ndi nambala yatsopanoyo.

Anakhala pampando n'kupukuta dazi lawo ndi dzanja. Anati kachipangizoko dzulo sikankawerenga kupuma kwa mwana, kankawerenga kugwedezeka kwanga. Ndikapita kutsogolo n'kubwerera, phazi limapita nane, magazi a m'chala n'kumakwera ndi kutsika ngati funde lalikulu lija, ndipo poti ndinkagwedezeka mofanana osaphonya, kanakhulupirira kuti kumeneko ndiye kupuma. Anati mwana ali ndi chibayo, ndipo n'kutheka kuti anali nacho kale dzulo.

Sindinalire pomwepo. Ndinafunsa ngati ndine ndamuchedwetsa mwana wanga.

"Amene anakuuzani kuti mumutontholetse ndine," anatero. "Munachita zimene mayi aliyense akanachita. Atagona ndinayenera kumukweza malaya n'kuwerenga ndekha, koma ndinaona mzere panja n'kukhulupirira nambala. Zimenezo tikambirana tsiku lina. Panopa akufunika mpweya wa m'makina, ndipo pano tilibe."

Anamubaya jekeseni woyamba pomwepo, analemba m'kabuku, n'kuimba foni. Ambulansi inali itapita kukatenga mayi woyembekezera kutali, ndipo anati tisaidikire. Anatuluka okha mpaka pamsewu, chovala choyera chili m'thupi, n'kuimitsa galimoto ya munthu wina wonyamula matumba a mpunga kupita ku boma. Anandikweza kutsogolo. Wa kabaza amene anandibweretsa ndinamutuma kuti akanene kunyumba.

Ulendo wa ku boma ndinaupitapo kambirimbiri, kukagula nsalu, kukaona abale, koma tsiku limenelo msewu unatalika. Woyendetsayo anali maso pamsewu. Nthawi ndi nthawi ankayang'ana m'nsalu n'kuwonjezera liwiro. Ine ndinkafuna kupemphera, koma ndikangoyamba, thupi limayamba kugwedezeka, ndipo ndimadzigwira ngati ndagwidwa ndikuba. Panalibe kachipangizo pachala, panalibe chimene ndikanasokoneza, koma mantha anali atalowa kale. Ndinafika ku boma duwa zanga zili zodukaduka.

Kuchipatala chachikulu anatilandira msanga. Anamuika timapaipi tiwiri m'mphuno, tochokera ku makina amene ankalira ngati firiji ya m'golosale, anamuikanso kasingano padzanja kolowetsera mankhwala. M'chipinda cha ana munali modzaza, ena awiri pabedi limodzi. Ife anatipatsa bedi la pakona, limene tinagawana ndi mayi wina wa ku Mwadzama, wamkulu kwa ine, wakuda bii, wa mpata pamano. Wake anali mnyamata wa miyezi yochepa, nayenso wa chibayo, ndipo anali atakhalamo kale masiku. Ndiye amene anandionetsa kotunga madzi, kochapira, ndi nesi amene ungamufunse funso osakukalipira.

Kumeneko nakonso kunali kachipangizo kopana chala. Anamwino ankadutsa nako m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ambiri ankati akakapana ankawerenganso okha pamimba ya mwana. Mankhwala atayamba kugwira, mwana wanga anapezanso mphamvu yolira, ndipo apa ndi pamene panali povuta. Nesi akafika, iye amakuwa n'kutambasula manja kwa ine, ine n'kumunyamula, koma osamugwedeza. Ndinkakhala pansi, msana kukhoma, miyendo yowongoka, mano olumana. Mwana amandiyang'ana m'maso kudabwa kuti amayi ake asanduka mtengo. Amakoka mpango wanga, amadzimenyetsa pachifuwa panga kundikumbutsa, ine osasuntha. Nesi wina anandiuza kuti ndikhoza kumutontholetsa kaye, chofunika n'kuima pa nthawi yoyeza yokha, koma ine sindinkadzikhulupiriranso. Ndinkaopa kuti ndiyamba osadziwa.

Ndipo ndinkayambadi. Mayi wa ku Mwadzama uja ndiye anaona. Nditamufotokozera nkhani yonse anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka misozi, n'kupepesa.

"Achemwali, mwayi wake ndinu a kumzikiti," anatero. "Ife kutchalitchi kwathu timavina mpaka fumbi. Akanandiyeza ine makinawo akanapsa."

Kuyambira pamenepo nesi akamayandikira, iye amabwera kudzakhala pambali panga n'kuika dzanja lake lolemera paphewa langa. Ndikangoyamba kupendekera kutsogolo amandikanikiza. Iye akamapemphera ankatseka maso n'kutchula Yesu, ine ndikuyala nsalu yanga pakona kuswali, ndipo wina akapita kuchimbudzi mnzake amayang'anira ana onse awiri kuti asazule timapaipi.

Koma funso lina linkandidya, ndipo sindinaliuze ngakhale iye. Pa nthawi imene ndinkapempha Mulungu kuti adokotala aone chimene chikumuvuta mwana wanga, kupempha komweko n'kumene kunaphimba matendawo. Ndikanakhala mayi wosapemphera, wongokhala duu kuyang'ana kudenga, mwina akanapeza chibayo tsiku loyamba, mwana asanafike pofuna makina. Ndinkadziwa kuti maganizo amenewo ndi a satana, ndinkapempha chikhululuko, koma amabweranso. Ndimakhulupirira kuti palibe tsamba limene limagwa Mulungu osadziwa. Komabe mpaka pano sindinamvetse chifukwa chake zinayenera kudzera njira imeneyo, ndipo ndasiya kuyesa kumvetsa.

Bambo a ana anga anabwera mpunga ataututira m'nyumba. Anabweretsa ufa wa kondowole, usipa wouma ndi nthochi, anati apongozi agona ndi msana koma akukana kuvomera. Ataona mwana ali ndi timapaipi m'mphuno anakhala pampando n'kugwira kaphazi kake. Nditawafotokozera za kachipangizo kaja, mkwiyo unabwera. Anati akabwerera akapita kuchipatala chaching'ono kukawafunsa adokotala aja ngati ana a anthu ndi oyeserapo zidole zawo.

"Mukawafunse," ndinatero, "koma mukayambe mwathokoza. Anaima pamsewu ngati wapolisi kutiimitsira galimoto. Ndipo amene anakonda makinawo kuposa tonse ndinu, mpaka kufunsa za mabatire."

Anandiyang'ana, kenako anaweramitsa mutu. Anati akanadziwa sakananena za mpunga m'mawa muja. Ndinawauza kuti palibe amene ankadziwa. Nesi atabwera kudzayeza, iwo anaimirira kumbuyo kwake, khosi litatalika, kuyang'anitsitsa kabokosi ngati akuyang'ana sikelo ya wogula mpunga. Anafunsa nesiyo ngati awerenganso ndi maso. Nesi anati bambo, mukufuna ntchito yanga? Koma anawerenga.

Tsiku lina m'mawa adokotala a m'chipindamo anati ayese kumuchotsa mpweya aone ngati angathe yekha. Anazula timapaipi, anapana kachipangizo, tonse maso pa nambala ya pamwamba. Inakhala pang'ono, kenako inayamba kutsika, mmodzimmodzi, ngati madzi m'ndowa yobooka. Anabwezeretsa timapaipi. Anati si zachilendo, mapapo sanakonzeke, tiyesanso. Ine ndinapita kochapira n'kukalira kumeneko, madzi a pampopi akutuluka kuti anthu asamve. Tsiku lomwelo mwana wa pabedi loyang'anizana nafe anamwalira, mayi ake anatuluka atamubereka kumbuyo ngati wamoyo.

Mwana wanga anayamba kuyamwa asanamuchotse mpweya. Anakoka nthawi yaitali osasiya, mkaka ukutsikira m'khosi, thukuta lili pamphumi. Kenako analanda nthochi m'manja mwa mayi wa ku Mwadzama n'kuifinya yonse. Atayesanso kumuchotsa timapaipi, ndinakhala pansi msana kukhoma, dzanja la mnzanga lili paphewa, mwana ali pamiyendo akusewera ndi khoko la nthochi. Nambala ya pamwamba inatsika kamodzi, mtima wanga n'kutsika nayo, kenako inabwerera n'kukhala pomwepo. Ya kapumidwe inali pansi pa makumi anayi, ndipo nesi atawerenga ndi wotchi yake anagwedeza mutu kuvomereza. Anamusiya wopanda timapaipi tsiku lonse, akumuyeza pafupipafupi. Nambala sinagwenso. Alihamudulillahi.

Anatitulutsa m'mawa mwake, ndi mankhwala akumwa oti akamalizire kunyumba. Mwana anali ataonda, khosi litatalika, pamphuno pali timabala ta pulasitala, ndipo chifuwa chinatenga nthawi kuti chithe. Koma ankapuma. Ndinamanga katundu, bambo ake atabwera kudzatitenga anamunyamula paphewa.

Mnyamata wa mnzanga uja anali adakali pa mpweya. Anali atamuyesa kangapo, nambala imangotsika. Ufa ndi usipa umene unatsala ndinamusiyira, pamodzi ndi beseni langa chifukwa lake linali long'ambika. Anatiperekeza mpaka pakhomo la chipinda, sakanatha kupitirira poti panalibenso womuyang'anira mwana. Ndinamuuza kuti ndizimupempherera, iye anati nayenso. Foni analibe, ndipo mudzi wake anautchula koma m'chipwirikiti cha kutuluka sunakhale m'mutu mwanga. Ndafunsapo anthu a ku Mwadzama amene amabwera kudzagula nsomba kwathu, za mayi wa mpata pamano amene anagonekedwa ndi mwana wamwamuna m'nyengo ya mpunga. Palibe amene akumudziwa. Sindinamve kuti wakeyo zinatha bwanji.